Soichiro Honda: makaniko amene adabwerera m'kalasi

Mwina zidakuonekeranipo. Ndi usiku, mvula ikuwaza, ndipo mayi woyembekezera matenda amuyamba. M'mudzi monse galimoto ndi imodzi, kapikiapu kakale kamene nthawi ya msika kamatuta mabelo a fodya kupita ku okushoni ya Chinkhoma. Mwini wake wadzuka, walowa, wapotokola kiyi. Kwangomveka kuti tha, basi zii. Pomwepo alangizi amachuluka. Wina akuti batire latha, wina akuti sitata yapsa, wina akuti tiikankhe, winanso wayamba kale kuloza chala anthu oipa mtima. Mkangano uli mkati, nthawi ya mayi uja ikupita.

Kawirikawiri chimene chimagoneka galimoto yotere chimakhala chaching'ono: mutu wa batire wakhwefuka, kapena waya wadyeka ndi dzimbiri. Chovuta n'kuchipeza. Amene amachipeza msanga ndi munthu wozolowera kuona, kuyeza ndi kufunsa asanathamangire kukagula chitsulo chatsopano. Lero tikambirane za munthu wina wa ku Japan amene adaphunzira khalidwe limeneli movutikira, n'kumangirapo kampani yodziwika padziko lonse. Dzina lake mumaliwerenga pa njinga zamoto, pa majenereta ndi pa mapampu othiririra m'madimba. Ndi Soichiro Honda.

Mwana wa wosula zitsulo

Soichiro adabadwa pa 17 November 1906 m'mudzi wa Komyo, kufupi ndi mzinda wa Hamamatsu m'chigawo cha Shizuoka. Bambo ake, a Gihei, adali osula zitsulo, ndipo patsogolo pake adayamba kukonza ndi kugulitsa njinga zakapalasa. Mayi ake, a Mika, ankawomba nsalu. Choncho mwanayu adakulira pafupi ndi moto wa makala, nyundo ndi matcheni a njinga.

Kusukulu sizinkamuyendera. Masiku amenewo lipoti la mwana linkayenera kubwerera kwa aphunzitsi litadindidwa ndi chidindo cha banja, kusonyeza kuti makolo aliona. Soichiro adadzisemera chidindo chake pa labala ya pedulo ya njinga. Zidamuyendera chifukwa zilembo za Chijapani za dzina lakuti Honda zimaoneka chimodzimodzi ngakhale muziyang'ane pagalasi. Anzake atamupempha kuti awasemere nawonso, sadadziwe kuti pa chidindo amalemba motembenuza. Maina awo adatuluka okhotera kwina, ndipo chinyengo chonse chidaululika.

Zinthu ziwiri zidamulowa mumtima ali wamng'ono. Choyamba chidali galimoto yoyamba kufika m'mudzi mwawo, imene adaithamangira mpaka kugwada pansi kununkhiza oyilo amene idadonthetsa. Chachiwiri chidali ndege. Ali ndi zaka pafupifupi khumi adatenga njinga ya bambo ake, yomwe idali yaikulu kwa iye, n'kupalasa ulendo wautali kupita ku Hamamatsu kukaona Art Smith wa ku America akuulutsa ndege. Ndalama yolowera idamuperewera, ndiye adaonerera ali mumtengo.

Kubereka mwana m'malo mogwira sipanala

M'chaka cha 1922, ali ndi zaka 15, adaona m'magazini dzina la galaja ya Art Shokai ya ku Tokyo, ndipo adalemba kalata yopempha malo ophunzirira ntchito. Mwini galajayo, Yuzo Sakakibara, adamulandira. Koma miyezi yoyambirira sadakhudze injini. Ntchito yake idali kusesa ndi kubereka mwana wa abwana kumbuyo. Aliyense amene adaphunzirapo umakaniko pansi pa mtengo kuno kwathu akuidziwa nyengo imeneyi, yongotumidwa ndi kutsuka zitsulo m'beseni.

Zinthu zidasintha pa 1 September 1923, pamene chivomezi chachikulu ndi moto zidasakaza Tokyo ndi madera ozungulira, n'kupha anthu oposa 100,000. Anyamata ambiri a pagalajapo adabwerera kwawo. Soichiro adatsala, ndipo poti magalimoto ofuna kukonzedwa adali mbwee, adapatsidwa sipanala. Magalimoto a nthawiyo adali ochokera kunja, a mitundu yosiyanasiyana, ndipo masipeya adali osowa. Chitsulo chikathyoka ankachita kusula china. Munthu wosula chitsulo ndi manja ake sangalote chavuta, chifukwa akalakwitsa ndiye kuti wataya masiku angapo pachabe. Amayamba watsimikiza.

A Sakakibara ankakonda mpikisano wa liwiro. Iwo ndi anyamata awo adamanga galimoto yothamanga poika injini ya ndege ya Curtiss pa chimango cha galimoto ya ku America. M'mwezi wa November 1924 galimotoyi idapambana mpikisano waukulu, Soichiro atakhala pambali pa dalaivala ngati makaniko.

Mu 1928, ali ndi zaka 21, abwana ake adamulola kukatsegula nthambi ya Art Shokai ku Hamamatsu. Adayamba ndi wantchito mmodzi, koma m'zaka zochepa adali nawo oposa 30, chifukwa idamveka mbiri yoti galimoto imene ena ailephera, iye amaidzutsa. Adapanganso masipoko achitsulo olowa m'malo mwa amatabwa amene ankakhala m'mawilo a magalimoto. Mu 1935 adakwatira Sachi, amene ankasunga mabuku a ndalama ndi kuphikira antchito. Chaka chotsatira, pa 7 June 1936, adachita ngozi yoopsa pa mpikisano wa pa bwalo la Tamagawa. Galimoto yake idagudubuzika, iye adavulala nkhope ndi mkono wamanzere, ndipo mng'ono wake Benjiro, amene adali naye m'galimotomo, adavulala msana.

Maringi 50, abwino atatu

Apa m'pamene pali phata la nkhani yathu. Honda adatopa n'kukonza za ena, adafuna kupanga zake. Adasankha maringi a pisitoni. Ngati simukuwadziwa, ndi timikombero tachitsulo timene timavala pisitoni ngati chibangili, n'kutseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma la injini kuti mphamvu isathawe komanso oyilo asakwere kukapsa. Mukaona minibasi ikufuka utsi wabuluu pa msewu wa M1, nthawi zambiri maringi ndiwo atha.

Pooneka, ringi ndi kanthu kosavuta. Honda adaganiza kuti n'kungosungunula chitsulo n'kuthira m'chikombole. Adakhazikitsa kampani ya Tokai Seiki, adagula makina, ndipo ankagona pamalo pomwepo, kuyesa usana ndi usiku. Maringi ankatuluka ouma gwa, osapindika, ongothyoka. Miyezi idapita, ndalama zidayamba kutha, koma yankho osaoneka. Manja amene sadalepherepo galimoto tsopano adafika pamapeto pa nzeru zawo.

Ndiye adachita chinthu chimene amisiri ambiri odziwika amachita nacho manyazi. Adanyamula maringi ake kupita nawo kusukulu ya zaumisiri ya ku Hamamatsu, imene lero ndi mbali ya yunivesite ya Shizuoka, kukafunsa aphunzitsi. Chitsulocho chitayezedwa, zidapezeka kuti mudali mochepa silicon, chimodzi mwa zinthu zimene zimasakanizidwa m'chitsulo chosungunula kuti chisaume mopitirira. Maso sakadaona zimenezi. Ngakhale akadayesa kambirimbiri, sakadatulukira chinthu chimene sankadziwa n'komwe kuti chiliko.

Mnyamata uja adasema chidindo pothawa sukulu adalembetsa kukhala wophunzira, ali bambo wa zaka pafupifupi 30, wapabanja, bwana wa anthu. Masana ankagwira ntchito, kwinaku akulowa m'kalasi kumva za zitsulo. Satifiketi sadaitenge chifukwa mayeso sankawalabadira, koma chimene adapitira adachipeza.

Musaganize kuti zidatheka pomwepo. Atatumiza maringi 50 ku kampani ya Toyota kuti akayezedwe, atatu okha ndiwo adavomerezedwa. Adathanso zaka zina ziwiri akuyendera mayunivesite ndi mafakitale a zitsulo m'dziko la Japan, kuona mmene ena amachitira. Pambuyo pake m'pamene adayamba kugulitsa maringi ochuluka ku Toyota ndi ku makampani ena.

Ife ogwira ntchito m'zipatala timaiona nkhani yomweyi tsiku ndi tsiku. Kutentha thupi kulikonse si malungo, ndipo mwana amene wapatsidwa mankhwala a malungo asanayezedwe magazi angathe kuchedwa kulandira thandizo la chibayo chimene chikumudwalitsa. Injini ndi thupi n'zosiyana, koma pali ponse chizindikiro chimodzi chimatha kukhala ndi zoyambitsa zingapo.

Injini za wayilesi pa njinga

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idamulanda zambiri. Fakitale yake ina idaphulitsidwa ndi bomba mu 1944, inanso idagwa ndi chivomezi mu January 1945. Nkhondo itatha adagulitsa zotsala ku Toyota pa mtengo wa mayeni 450,000, n'kukhala pafupifupi chaka osagwira ntchito yodziwika.

Mu 1946 adaona kanthu kwa mnzake: kainjini kakang'ono kamene asilikali ankayendetsera jenereta yopatsa magetsi wayilesi zawo zolumikizirana. Nkhondo itatha tiinjini timeneti tidangotsala mbwee. Pa nthawiyo anthu a m'mizinda ankapalasa njinga maulendo ataliatali kukasaka chakudya kumidzi. Honda adagula tiinjini pafupifupi 500, n'kumatimangirira pa njinga zakapalasa. Poyamba thanki ya mafuta idali botolo lachitsulo limene anthu ankathiramo madzi otentha pofunditsa pogona. Woyesa njinga yoyamba adali mkazi wake. Atabwerako zovala zake zitada ndi oyilo, Honda adafufuza pamene oyiloyo ankatulukira n'kukonzapo asanayambe kugulitsa.

Tiinjini ta asilikali titatha adapanga yakeyake. Kampani ya Honda Motor idakhazikitsidwa pa 24 September 1948, ndipo chaka chotsatira kudabwera Takeo Fujisawa, munthu wodziwa za ndalama ndi malonda. Adagawana ntchito: Honda ku injini, Fujisawa ku thumba. Mu 1958 adatulutsa Super Cub, njinga yamoto yosavuta kuyendetsa ndi kukonza, imene pofika 2017 idali itapangidwa yokwana 100 miliyoni. Mu 1961 njinga za Honda zidatenga malo asanu oyambirira m'magulu awiri pa mpikisano wotchuka wa pa chilumba cha Isle of Man. Ndipo mu 1965 kampani imene idayambira pa injini ya jenereta idatulutsa jenereta yake yonyamula pamanja, ya E300.

Timagalimoto tamipando iwiri

Honda sadaiwale fungo la oyilo la ku ubwana. Mu 1963 kampani yake idalowa m'magalimoto ndi mitundu iwiri: kalole kakang'ono ka T360, ndi kagalimoto kothamanga kamipando iwiri, kopanda denga lolimba, kotchedwa S500. Kagalimotoka kadali ngati njinga yamoto yovala thupi la galimoto. Injini yake idali ya 531cc yokha, yosafika pa injini ya galimoto zambiri zing'onozing'ono zimene timakwera lero, koma idali ndi makabuleta anayi, inkazungulira mothamanga kwambiri, ndipo mawilo akumbuyo ankakokedwa ndi matcheni. Mu 1964 kudabwera S600, mu 1966 kudabwera S800. Mu 1965 galimoto ya Honda idapambana koyamba pa mpikisano wa Formula One ku Mexico, woyendetsa ali Richie Ginther.

Zaka zomwezo makampani ena a ku Japan adatulutsanso zawo: Toyota 2000GT ndi Mazda Cosmo mu 1967, Datsun 240Z mu 1969. Lero magalimoto amenewa ali ndi zaka zoposa 50, ndipo ndi osowa. Ma S500 adapangidwa osakwana 1,400. Pali anthu m'maiko ambiri amene amafunafuna magalimotowa m'mashedi ndi m'minda mmene adatayidwa, n'kuwadzutsa pang'onopang'ono mpaka ayendenso. Nayo kampani ya Honda ili ndi nyumba yosungiramo zakale ku Motegi, kumene amisiri amasamala magalimoto ndi njinga zakale kuti zizitha kulira ndi kuyenda. Galimoto ya Curtiss ija imasungidwa komweko.

Mwina mukuti zikutikhudza bwanji ife a ku Santhe, Chamama kapena Nkhamenya, poti pano palibe amene ali ndi S800. Zikutikhudza chifukwa magalimoto ambiri a m'misewu yathu adachokeranso ku Japan atagwira kale ntchito, ndipo amakalambira m'manja mwathu, m'fumbi la chilimwe ndi m'matope a dzinja. Zimene zimavutitsa wodzutsa S800 ndi zomwe zija zidagoneka kapikiapu ka fodya usiku uja. Injini yosamalidwa imapirira zaka zambiri. Chimene chimakalamba mwakachetechete ndi mawaya. Pulasitiki yokuta waya imauma n'kung'aluka, molumikizira mumachita dzimbiri, makoswe amatafuna, ndipo makaniko aliyense amene adagwirapo amasiya mfundo yake yomata ndi tepi.

Mmene mungafufuzire vuto la magetsi

Mfundo yaikulu ndi imodzi: magetsi amayenda mozungulira. Amachoka ku mutu wa batire wa chizindikiro cha +, kudutsa mu fyuzi ndi switchi, kukafika pa nyali kapena sitata, kenako ayenera kubwerera ku mutu wa chizindikiro cha −. Pobwerera sakhala ndi waya wakewake, amadzera m'thupi lachitsulo la galimoto. N'chifukwa chake pali waya wonenepa wochoka ku batire kukamangidwa pa thupi ndi pa injini, umene amakaniko amautcha earth. Njira imeneyi ikaduka kapena kuthina paliponse, chinthu chabwinobwino chimaoneka ngati chafa.

Choyamba, onani ndi kumvetsera. Yatsani nyali zakutsogolo, wina apotokole kiyi. Nyali zikazilala kwambiri kapena kuzimiratu, kaikirani batire lofooka kapena mitu yake ndi earth. Zikakhalabe zowala koma injini osatembenuka, batire lili ndi moto, ndipo vuto lili panjira yopita ku sitata kapena mu sitata momwemo.

Chachiwiri, gwirani. Gwedezani mitu ya batire. Ngati ikusuntha ndi dzanja, kapena yamera ufa woyera kapena wobiriwira, ichotseni, muipale mpaka iwale, muimange zolimba. Tsatirani waya wa earth mpaka pamene wamangidwa, muone ngati pali dzimbiri. Polumikizira pamene pakutentha mukangoyesa kuliza, m'pamene magetsi akuvutika kudutsa.

Chachitatu, yezani. Kamita koyezera magetsi kamapezeka m'masitolo a zamagetsi, ndipo mtengo wake sufika pa wa batire latsopano. Batire lodzaza, injini itazima, limaonetsa pafupifupi ma volt 12.6. Likatsika pansi pa 12 ndiye kuti lafooka kwambiri. Injini ikulira, muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Mukaona kuti nambala siikukwera, ndiye kuti alternator, imene imabwezera moto m'batire, siikugwira ntchito kapena lamba wake wakhwefuka. Zikatero, ngakhale mugule batire latsopano lidzathanso m'masiku ochepa.

Chachinayi, lemekezani fyuzi. Fyuzi ndi kawaya kopyapyala kamene kadapangidwa dala kuti kapse m'malo mwa galimoto yonse. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, penapake pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo ufunika kuupeza. Kulowetsapo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu n'kuitana moto.

Chachisanu, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kenako yesani. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, galimoto ingathe kulira, koma simudziwa chimene chidavuta, ndipo mwalipira ziwiri zaulere. Kumbukiraninso kuti magalimoto ambiri obwera masiku ano ndi a automatic, ndipo amenewa salira pokankha.

Ndondomeko yomweyi imagwira pa njinga yamoto ya kabaza, ndiponso pa batire la sola limene limayatsa nyali ndi wayilesi kunyumba kwanu. Koma batire lili ndi zoopsa zake. Pochotsa yambani ndi mutu wa −, ndipo pobwezera muumalizire. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, chifukwa zikagunda mitu zimatentha mpaka kuwotcha mnofu. Musayandikize ndudu kapena koloboyi, poti batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wophulika. Asidi akagwera m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Musaswe mabatire akale pakhomo: muli mtovu, umene umaononga ubongo wa ana pang'onopang'ono popanda chizindikiro choonekera msanga. Ndipo injini kapena jenereta isalire m'nyumba, m'sitolo kapena m'chipinda chotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Pamene mwini wake adakana kumva

Tibwerere kwa Honda, chifukwa mbiri yake ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Adali munthu waukali. Antchito ake adamupatsa dzina lotanthauza bingu, ndipo zimadziwika kuti nthawi zina ankamenya amene alakwitsa ntchito. Zimenezi si zotengera.

Komanso atakula adagwa mumsampha umene adauthawa ali mnyamata. Adakhulupirira kwambiri kuti injini yabwino ndi yozizira ndi mphepo, ngati ya njinga yamoto, osati yozizira ndi madzi. Mainjiniya ake achinyamata ankamuonetsa zotsatira za kuyeza kwawo, iye osamva. Mu 1968 adaumirira kuti galimoto yatsopano ya Formula One yozizira ndi mphepo ilowe mumpikisano wa ku France. Dalaivala wamkulu wa kampaniyo, John Surtees, adakana kuiyendetsa ponena kuti idali isanakonzeke. Adaiyendetsa ndi Jo Schlesser, amene adachita nayo ngozi ku Rouen mpikisano utangoyamba, galimoto n'kuyaka, iye n'kufera pomwepo. Kumapeto kwa chaka chimenecho Honda idachoka mu Formula One. Mu 1969 galimoto yabanja ya Honda 1300, nayonso yozizira ndi mphepo, idatuluka yolemera ndi yodula kupanga, ndipo malonda ake sadayende.

Nthawi yomweyo maiko adayamba kuda nkhawa ndi utsi wa magalimoto umene unkadwalitsa anthu m'mizinda, ndipo mu 1970 dziko la America lidakhwimitsa lamulo la mpweya wabwino. Mainjiniya adaona kuti pofuna kuchepetsa utsi woipa, kutentha kwa injini kuyenera kukhala kokhazikika, ndipo zimenezi zimatheka bwino ndi madzi. Mmodzi mwa iwo, Tadashi Kume, adafika posiya kubwera kuntchito kwa kanthawi chifukwa chokhumudwa. Fujisawa atamva madandaulo awo adapita kwa mnzake n'kumufunsa ngati akufuna kukhala mtsogoleri wa kampani kapena injiniya. Honda adasankha utsogoleri, ndipo adawalola anyamatawo kupanga injini yamadzi.

Zotsatira zake zidaoneka msanga. Mu 1972 kudatuluka Honda Civic, ndipo chaka chomwecho kampaniyo idalengeza injini ya CVCC. Injiniyi ili ndi kachipinda kakang'ono pafupi ndi pulagi, mmene mumayakira kamoto koyamba, ndipo kamotoko kamayatsa mafuta ochepa osakanikirana ndi mpweya wambiri m'chipinda chachikulu, kotero kuti mafuta amapsa bwino. Idali injini yoyamba kukwaniritsa lamulo la ku America lija popanda chosefera utsi chapadera ku ekizozi. Kume uja adadzakhala mtsogoleri wa kampaniyo mu 1983.

Mu 1973 Honda ndi Fujisawa adapuma ntchito limodzi. Adali atagwirizana kuti kampani si munda wa banja, choncho utsogoleri sudapite kwa ana awo. Udapita kwa injiniya Kiyoshi Kawashima. Honda atapuma adazungulira dziko la Japan kuyendera mafakitale ndi malo okonzera magalimoto a kampaniyo, kugwirana chanza ndi antchito powathokoza. Mu 1989 adakhala Mjapani woyamba kulembedwa m'gulu la anthu olemekezeka pa ntchito za magalimoto ku America, la Automotive Hall of Fame. Adamwalira ku Tokyo pa 5 August 1991 ndi matenda a chiwindi, ali ndi zaka 84.

Kwa inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo

M'nyumba zambiri muli mwana amene amamasula tochi, wayilesi ndi foni yakufa, koma lipoti lake lakusukulu silisangalatsa. Musafulumire kumutcha wowononga. Kuno ku Kasungu tili ndi chitsanzo chathuchathu. William Kamkwamba wa ku Wimbe adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Koma onani kumene adatenga nzeru: m'mabuku a sayansi a m'kalaibulale kakang'ono ka m'dera lawo. Nayenso, ngati Honda, adafunika manja ndi buku pamodzi.

Choncho mwana wotere mpatseni tochi yakufa ndi mabatire ang'onoang'ono kuti aziyesera, mumutalikitse ku mawaya a Escom ndi ku batire la galimoto mpaka atakhala ndi womuyang'anira, ndipo musamulole kutaya masamu ndi sayansi. Muuzeni za maringi 50 aja. Akamaliza sukulu, makoleji a ntchito zamanja alipo, ndipo amisiri odziwa kuyeza magetsi a galimoto akusowa m'matauni ndi m'midzi momwe.

Kwa inu a m'makomiti a zaumoyo m'midzi, pali ntchito yaing'ono imene mungachite sabata ino. Mukudziwa galimoto kapena njinga yamoto imene mudzi wanu umadalira wina akadwala usiku. Kambiranani ndi mwini wake masana, kunja kukuwala. Muone ngati mitu ya batire ndi yoyera ndi yomangika, ngati nyali zonse zikuyaka, ndiponso ngati m'galimotomo muli tochi, sipanala ya nambala 10 ndi mafyuzi apadera. Ngati yakhala ikuvuta kulira m'mawa, imeneyo yayamba kale kukuuzani, ndipo ipite kwa makaniko woyeza ndi mita isanafike nthawi ya mayi wotsatira. Sunganinso nambala ya munthu wachiwiri wa galimoto, ndipo limbikitsani amayi amene masiku awo ayandikira kuti akadikirire kuchipatala, makamaka nyengo ya mvula pamene misewu ya kumaesiteti imaterera.